Kafukufuku wa ophunzira a digiri yoyamba: ndalama zochepazi zipite kwa ndani?

Palibe yunivesite imene imakana kuti ophunzira ake azichita kafukufuku asanamalize digiri yoyamba. Mkangano umabuka bajeti ikafika patebulo. Ndalama zimakhala zochepa ndipo pali njira zitatu zimene zimalimbirana ndalamazo: kulipira wophunzira, kupeputsira ntchito mphunzitsi amene akumuyang'anira, kapena kusandutsa kalasi yonse kukhala gulu lofufuza. Ku America njira zonsezi aziyesa kwa zaka makumi angapo, ndiye pali poonera. Kwathu kuno nkhaniyi ikutikhudza chifukwa ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Blantyre ngakhale ku Thyolo, m'maphunziro ambiri wophunzira wa chaka chomaliza salandira digiri asanalembe pulojekiti yake pansi pa supavaiza.

Njira yotchuka kwambiri ndi yoyika ndalama m'manja mwa wophunzira. Mu 1969 Margaret MacVicar, mayi wachichepere amene ankaphunzitsa fizikisi ku MIT, yunivesite ya sayansi ya ku America, anayambitsa ndondomeko yotchedwa UROP, yolowetsa ophunzira a digiri yoyamba mu kafukufuku wa mapulofesa. Edwin Land, amene anayambitsa kampani ya makamera ya Polaroid, anali atanenapo kale mu 1957 kuti wophunzira aliyense akuyenera kukhala ndi kafukufuku wakewake, ndipo ndalama zake zinathandiza kuti ntchitoyi iyambe. Wophunzira amalowa m'gulu la pulofesa n'kusankha kulandira malipiro kapena kuti ntchitoyo iwerengedwe ngati phunziro. Lero ophunzira opitirira 90 pa 100 alionse a ku MIT amadutsamo. Ku Caltech, yunivesite ina ya sayansi ya komweko, anayamba zawo mu 1979 ndi ophunzira 18 okha, pansi pa dzina la SURF. Kumeneko wophunzira amadzipezera yekha mphunzitsi, amalemba pempho lofotokoza zimene akufuna kufufuza, pempholo limaunikidwa, ndipo likavomerezedwa amagwira ntchito masabata khumi pa tchuthi chachitali akulandira ndalama. Pomaliza amalemba lipoti ndi kuima pamaso pa anthu kufotokoza zimene wapeza. Mu 1987 bungwe la boma la National Science Foundation linatsegula ndondomeko yotchedwa REU, imene imasonkhanitsa ophunzira pafupifupi khumi pamalo amodzi, kuwalipirira ulendo, pogona ndi ndalama ya m'thumba. Imeneyi musavutike kuifunsira muli kuno, ndi ya nzika za America ndi okhala m'dzikomo mokhazikika basi.

Ubwino wa njirayi ndi woonekeratu ndipo sindikuuchepetsa. Mwana wochokera kubanja losauka safunika kuthera tchuthi akusaka maganyu. Masabata khumi opanda mayeso, opanda makalasi, mutu uli pa funso limodzi, amasintha munthu. Komanso kulemba pempho, kukanidwa, n'kulembanso, ndi sukulu payokha.

Koma taonani chimene ndalama imeneyi siigula. Gawo lalikulu limapita kwa wophunzira, ndipo womuyang'anira amangoyembekezeredwa kuti apeza nthawi. Ku MIT ndi ku Caltech zimatheka chifukwa pulofesa sakhala yekha. Mu labu mwake muli ophunzira a PhD ndi akatswiri ena amene anamaliza kale, ndipo kawirikawiri ndi iwo amene amakhala ndi wachinyamatayo tsiku ndi tsiku, kumuonetsa kagwiridwe ka zipangizo ndi kumubweza akasochera. Tengani njira yomweyo muibzale pa dipatimenti imene mphunzitsi mmodzi ali ndi makalasi a anthu mazana, mulu wa mapepala a mayeso osachonga uli pansi pafupi ndi desiki, ndipo pakhomo paima ana asanu aliyense atakumbatira mutu woyamba wa pulojekiti yake. Wophunzira mwamulipira, inde, koma ola loti akhale pansi ndi mphunzitsi wake silinapezekebe. Vuto lina ndi loti mwayi wotere umagwera ochepa, ndipo ochepawo amakhala omwe aja olimba mtima, odziwa kugogoda pa ofesi ya pulofesa. Wamanyazi wochokera ku sekondale yoyendera, amene mwina ndiye akanapindula koposa, amamva nkhaniyo mayina atatuluka kale.

Nchifukwa chake njira yachiwiri, yosamalira mphunzitsi, ndimaiona kuti ndi imene ili pamtima pa nkhani yonseyi. Koma nayonso ili pawiri, ndipo anthu amasokoneza.

Ena amati tingopereka alawansi pa wophunzira aliyense amene mphunzitsi wamuyang'anira. N'zosavuta kuwerengera ndipo aphunzitsi sangakane, poti malipiro sakwanira. Choipa chake n'chakuti alawansi siwonjezera maola pa sabata. Ikamaperekedwa pa mutu uliwonse imakopa munthu kutenga ana ambiri kuposa amene angawakwanitse, mapeto ake aliyense amalandira timawu tiwiri ta inki yofiira m'mphepete mwa tsamba, "konza apa", "onjezera", osauzidwa chifukwa chake. Mwana amakonza osamvetsa, n'kupeza digiri asanaphunzire kuganiza ngati wofufuza.

Ena amati kuyang'anira kafukufuku kuwerengedwe ngati kuphunzitsa, kuti amene ali ndi ophunzira angapo achotseredwe kalasi ina. Chitsanzo chimene chimafanana kwambiri ndi zathu ndi College of Wooster, sukulu yaing'ono ya ku Ohio. Kuyambira mu 1947 wophunzira aliyense wa chaka chomaliza kumeneko amachita kafukufuku wakewake, osati osankhidwa okha ayi. Amakumana ndi mphunzitsi wake sabata iliyonse, awiriwiri, chaka chonse, ndipo pomaliza amakateteza ntchito yake pakamwa. Chimene chimachititsa kuti zitheke n'chakuti sukuluyo imawerengera kuyang'aniraku pa katundu wa mphunzitsi, sichikhala chifundo chimene munthu amachita madzulo ataweruka. Lamulo loti aliyense alembe pulojekiti ifenso tili nalo. Chimene chimasowa nthawi zambiri ndi mbali yachiwiriyo.

Njirayi ndi yodula, tisanamizane. Kalasi imene mphunzitsi waisiya imafuna munthu wina, kaya wolembedwa kumene kaya waganyu. Koma ndalama yake imagula chinthu chenicheni chimene chikusowa. Ndipo pali mbali ina imene siifuna ngakhale tambala: malamulo okwezera anthu pantchito. Pafupifupi kulikonse mphunzitsi amakwera chifukwa cha mapepala amene wasindikiza m'magazini a akatswiri. Miyezi imene wathera akuwongola Chingelezi ndi masamu a mwana wa chaka chachinayi imalemera pang'ono pa sikelo imeneyo. Munthu wanzeru amaona kumene kuli phindu. Mphunzitsi wachinyamata amene akufuna kukwera amaphunzira msanga kutseka chitseko, ndipo sindingamuweruze. Aphunzitsi a kemisitiri a m'makoleji ang'onoang'ono a ku America, amene analibe ophunzira a PhD owathandiza, anakumana ndi zomwezi mpaka anayambitsa bungwe la Council on Undergraduate Research mu 1978 kuti ntchito imeneyi izilemekezedwa ndi kupatsidwa ndalama.

Njira yachitatu imafunsa funso lina: bwanji osasiya kuganiza za mphunzitsi mmodzi ndi mwana mmodzi? Mu 2008 bungwe la Howard Hughes Medical Institute, mogwirizana ndi Graham Hatfull wa ku University of Pittsburgh, linayambitsa ndondomeko yotchedwa SEA-PHAGES. Ophunzira, ambiri a iwo a chaka choyamba, amatumidwa kukatapa dothi kulikonse, kuseri kwa hositelo, pansi pa mtengo, m'dimba. Dothilo amalisungunula, kulisefa, n'kuthira madziwo pa kambale kamene mwamera mabakiteriya. Pakapita tsiku kapena awiri, amanyamula kambaleko kuyang'ana kuwala. Ngati paoneka timadontho toyera pamene mabakiteriya afa, ndiye kuti wagwira vairasi yodya mabakiteriya, imene akatswiri amaitcha phage, ndipo mwina palibe munthu wina padziko amene anaionapo. Amaipatsa dzina yekha. Semesita yachiwiri kalasi imakhala pa makompyuta kuwerenga DNA ya mavairasiwo. Mabakiteriya amene ankagwiritsa ntchito poyamba ndi Mycobacterium smegmatis, wachibale wosaopsa wa kachilombo ka TB.

Wina angati awa ndi masewera a ana. Mu 2019 kunalengezedwa kuti mtsikana wa zaka 15 ku London, amene anali ndi matenda osamva mankhwala oyambitsidwa ndi Mycobacterium abscessus, anathandizidwa ndi mavairasi atatu ochokera m'nkhokwe ya Hatfull. Imodzi mwa atatuwo, yotchedwa Muddy, inapezedwa ndi wophunzira wa ku Durban, ku South Africa, pa biringanya lowola.

Ku University of Texas ku Austin, ndondomeko ya Freshman Research Initiative, imene inayamba mu 2005, inayankha mwanjira yake funso la nthawi ya mphunzitsi. Pulofesa amapereka funso lochokera mu kafukufuku wake, koma amene amakhala ndi gululo tsiku lililonse ndi katswiri wolembedwera ntchito imeneyo, ndipo ophunzira amene anadutsamo chaka chatha amabwerera kudzathandiza atsopano. Malipiro a munthu mmodzi amafikira ana makumi angapo.

Njirayi ndi imene imandikopa ndikaganizira za kwathu, ngakhale kuwerenga DNA kungakhale kopitirira thumba la madipatimenti ambiri. Chofunika kutengera si vairasi, koma kamangidwe ka ntchito: funso limodzi lenileni, logawika m'tizidutswa tambiri, lobwerezedwa chaka ndi chaka. Kalasi ikhoza kumayeza madzi a m'zitsime ndi m'mijigo yomweyomweyo nyengo iliyonse ya mvula. Ina ikhoza kumawerenga kuwonongeka kwa chimanga ndi mbozi m'minda yozungulira sukulu, ina kumalemba mitengo ya zakudya m'misika, ina kumajambula nthano ndi kalankhulidwe ka agogo m'midzi. Pakatha zaka zisanu mphunzitsi ali ndi nkhokwe ya zotsatira imene akhoza kusindikiza, kotero nthawi imene wathera pa ana imamubwezera m'malo momudyera. Ngati kafukufukuyo akukhudza anthu, chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa chimapemphedwa kamodzi m'malo mwa kakhumi. Minibasi imodzi imanyamula onse. Ndipo wamanyazi uja safunika kugogoda paliponse, poti dzina lake lili kale m'kaundula wa kalasi.

Zofooka zake zilipo ndipo si zazing'ono. Funso ndi la mphunzitsi, choncho mwana saphunzira chinthu chovuta kwambiri mu kafukufuku, chomwe ndi kupeza funso loyenera kufunsa. Pagulu pamabisalanso aulesi. Chaka choyamba chokonza phunziro lotere chimadya nthawi yambiri kuposa kuphunzitsa kuchokera m'manotsi akale, ndipo popanda wothandiza mu labu kapena kumunda mphunzitsi amatopa n'kusiya. Pali ngozi inanso imene tiyenera kuitchula poyera: ana kusandutsidwa antchito aulere otolera zinthu, pepala n'kutuluka ndi dzina la mphunzitsi yekha. Ku SEA-PHAGES mayina a ophunzira amalowa nawo pa mapepala ambiri osindikizidwa. Dipatimenti imene ikufuna kutengera njirayi ilembe lamulo limeneli isanatume mwana woyamba kumunda.

Ndiye ndikanakhala pa mpando wogawa ndalama, ndikanayamba ndi kuwerengera maola ndi kusintha malamulo okwezera anthu, chifukwa popanda zimenezi njira zina ziwirizo zimatsamira pa kukoma mtima kwa anthu ochepa amene adzatopa. Ndikanayikanso malire a chiwerengero cha ana amene mphunzitsi mmodzi angayang'anire. Kenako ndikanalowetsa kafukufuku wa gulu m'chaka chachiwiri kapena chachitatu, kuti mwana akamafika chaka chomaliza akhale atagwirapo kale ntchito yeniyeni, asamayambe kumva za kasankhidwe ka ofunsidwa miyezi itatu asanapereke pulojekiti. Supavaiza wolandira mwana wotere ntchito yake imapepuka kwambiri.

Ndalama ya wophunzira sindikanaichotsa, koma ndikanaisintha. M'malo mwa malipiro abwino a anthu khumi, ndikanapereka kandalama kochepa kwa ambiri kolipirira zinthu zodziwika: thiransipoti yopita kumene kuli ofunsidwa, kusindikiza mafunso, bandulo ya intaneti, ndi kumangitsa lipoti lomaliza. Pakali pano zimenezi zimachoka m'thumba la mwana kapena la makolo, ndipo zotsatira zake timaziona. Amene alibe ndalama amasankha mutu woti afunse anzake a pahositelo, osati chifukwa ndiwo ukumusangalatsa, koma chifukwa ndi wosafuna minibasi. Ena, mwatsoka, amadzaza okha mafomu ali m'chipinda.

Pali malo amodzi pamene ndingayike njira yolipira wophunzira patsogolo: pamene pali kale gulu lalikulu lofufuza, lokhala ndi ndalama zakunja ndi akatswiri achinyamata oti n'kuyang'anira ana, monga zilili pa kafukufuku wa zaumoyo ku Blantyre kumene pulogalamu yofufuza ya Malawi-Liverpool-Wellcome yakhala ikugwira ntchito kuyambira mu 1995. Pamalo otere zinthu zimafanana ndi ku MIT, ndipo chimene chimatsala ndi ndalama ya mwanayo basi. REU ili ndi mbali ina imene imalola pulofesa amene ali kale ndi thandizo la kafukufuku kupempha kandalama kowonjezera ka wophunzira mmodzi kapena awiri. Anzanga amene mukulemba mapempho opita ku mabungwe othandiza kapena ku bungwe la boma lathu la National Commission for Science and Technology, musadikire kuti wina akhazikitse ndondomeko yotere. Ikani mzere wa ophunzira awiri a digiri yoyamba mu bajeti yanu, ndipo pafupi nawo mulembe maola a munthu amene adzawayang'anire.