Mita ya chinyontho, Pilodyn kapena hamala: poyeza mitanda yakale ine ndabwerera ku hamala

Akalipentala anzanga kuno ku Kasungu mwandifunsa kokwanira za kamakina kachikasu kamene ndimayenda nako kaja, mita ya chinyontho, ndiye ndiyankhe kamodzi nonse mumve. Ngati mukufuna kudziwa kulimba kwa mitanda ya denga lakale osaidula, musagule. Ndinakagula ku Lilongwe, wogulitsa anachita kunditsimikizira kuti kamaonetsa ngati thabwa lili lolimba, ine nkupereka ndalama ya ntchito ya mwezi wathunthu.

Kamayeza chinyontho basi. Timano take tiwiri timabaya thabwa nkudutsitsa magetsi, thabwa likanyowa magetsi amadutsa mosavuta, ndiye kakawerenga kupitirira 20 peresenti mudziwe kuti kuwola kuli pafupi, pamenepo pokha ndiye kamathandiza. Za kulemera kapena kulimba kwa mtengo sikadziwa chilichonse.

Zinandipweteka pa tchalitchi chakale kwathu cha ku Santhe. Akulu ampingo amafuna kusintha malata okha, anandiitana kuti ndione ngati mitanda ingapirire, unali Okutobala dzuwa lili phwee chilichonse chouma gwa, ndinabaya mtanda uliwonse kakuwerenga 10, 11, ine nkuwauza kuti abambo khomani malata mitanda ili bwino. Mvula ya Disembala itangoyamba denga linatsika pakati. Titautsitsa mtanda wa pamenepo mkati monse munali dothi la chiswe, kunja kwatsala khungu lokha lokhuthala ngati chala. Ndalama za malatawo anthu anasonkha atagulitsa fodya ndi soya, amayi ena anapereka nkhuku, mpaka lero ndikakumana nawo pamsika mtima umandiwawa.

Pilodyn, makina ena ogwira pamanja, ndiye imayezadi kulimba. Imawombera kachitsulo kokhuthala mamilimita 2.5 mu mtengo ndi sipulingi, kakalowa pang'ono mtengo ndi wolemera, kakalowa kwambiri ndi wopepuka kapena wawola, ndipo imasiyanitsa bwino paini wa ku Chikangawa ndi bulugamu wokhwima. Koma imalowa mpaka mamilimita 40 okha, chiswe chimadya kuyambira mkati, ndiye mukamenya mbali imene sichinafike ikunamizani chimodzimodzi.

Resistograph ya ku Germany ija ndiyo mfumu, singano yake yaitali yokhuthala mamilimita 3 kunsonga imaboola mtanda wonse nkujambula pamene palimba ndi pamene pali mphako, kabowo kake sikaoneka nkomwe. Mtengo wake ndi mamiliyoni a kwacha, ife okonza zigafa ndi madenga a matchalitchi akumudzi sitingaifikire. Zoyeza ndi mafunde a mawu zimafuna munthu wophunzira kuwerenga manambala ake, sindikhalitsapo.

Hamala anandiphunzitsa malume anga ndili mnyamata ndipo ndinalakwa kuinyoza. Mtanda wamoyo umalira ngwe ngwe hamala nkudumpha, wodyedwa umalira ngati ng'oma yoboka. Pamene ndakayika ndimalowetsa dirilo ya kamano kakang'ono kakatali pang'onopang'ono, dzanja limamva ikagwera pamphako, ndipo utuchi ukatuluka ndi dothi lofiira nkhani yatha. Hamala siikupatsani nambala yolemba pa lipoti, ndikuvomera, komanso khutu limafuna zaka kuti lizolowere. Yambirani kumapeto kumene mtanda wakhala pakhoma la njerwa, chiswe chimakwerera pamenepo, mtanda wa ku Santhe uja chinalowera pomwepo.