Girisi wa Total Multis EP 2 pa kathirakitala kanga, ndemanga patatha sizoni yonse

Ndinadikira dala kuti sizoni ithe kaye ndisanalembe, chifukwa girisi sungamudziwe tsiku logula, umamudziwa atadutsa m'fumbi la Okutobala ndi matope a Januwale. Ine ndili kuno ku Mchinji, ndili ndi Kubota yaing'ono ya 4WD ija zimabwera zitagwirapo kale ntchito ku Japan, ndimalimira soya, mtedza ndi chimanga komanso ndimagwira maganyu m'minda ya anthu nde makinawa sapuma kwenikweni.

Poyamba ndinkagula girisi wa pamsika uja amathira m'timabotolo, yemwe akabaza amagula wa njinga. Ndinkati girisi ndi girisi basi bola akuterera. Chaka chathachi tili mkati mogaula ndi rotaveta (chogaulira cha mipeni yozungulira), shafti ya PTO, chitsulo chomwe chimatenga mphamvu kumbuyo kwa thirakitala nkumazunguza chogauliracho, inayamba kulira kuti gwede gwede, kenako kunjenjemera thirakitala yonse mpaka ndinazimitsa. Makaniko atamasula kajointi kooneka ngati mtanda ka pa shaftiyo, timasingano ta bering tamkati tinali titadyeka, tina titasanduka ufa wofiira. Anatenga girisi wanga wotsala m'botolo nkumutikita pakati pa zala, nkundiuza kuti tatikitani nanunso achimwene. Ndinamva mchenga ndithu, kuti khere khere. Sinanga chidebe chake chimakhala chosavundikira tsiku lonse m'mbali mwa msewu, magalimoto akudutsa. Ndinakhala masiku anayi osalima kudikira sipeya kuchoka ku Lilongwe, anthu omwe ndinawalonjeza kuwalimira akuimba mafoni, ndipo zinandiwawa kwambiri chifukwa mvula inali itayandikira.

Nde ndinapita pa filingi siteshoni ya TotalEnergies nkugula Multis EP 2 wa m'makatiriji a 400g, pamodzi ndi gani ya girisi yopopa ndi chogwirira. Zolemba pa katirijipo zili ndi tanthauzo ndipo ndikanakonda wina akanandifotokozera kale. Nambala 2 ija ndi kulimba kwa girisiyo pa muyezo wa NLGI, umayambira pa 000 yemwe ndi wamadzimadzi mpaka 6 wolimba ngati sopo, ndipo 2 ndi amene mabuku ambiri a mathirakitala amanena pa manipo, timilomo tachitsulo tomwe umalumikizapo gani popopera girisi mu jointi. EP ikutanthauza kuti muli mankhwala othandiza pamene zitsulo zikukanikizana mwamphamvu, ngati pa mapini ndi mabushi. Girisi aliyense ndi oyilo wogwiridwa ndi chinthu chomulimbitsa, uyu chomulimbitsa chake ndi lithium ndi calcium, ndipo mbali ya calcium ndi imene imathandiza kuti asakokoloke msanga ndi madzi. Kwa ife olowa m'madambo nkhani ndi imeneyo.

Chimene makaniko anandilimbikitsa ndi choti ndisamasakanize magirisi. Mitundu ina sigwirizana, ukaphatikiza amasungunuka nkumachucha kapena amauma gwa mkati mwa jointi, ndipo wa pamsika uja palibe amene angakuuze kuti ndi wa mtundu wanji. Tsiku loyamba ndinapopa nipo iliyonse mpaka wakale yense atatuluka, katiriji yathunthu inathera pomwepo koma sindinadandaule.

Kapakidwe kake ndi komwe ndikufuna ndikhalitsepo chifukwa ndinkalakwitsa zaka zonsezi. Ndimayamba ndi kansanza koyera, kupukuta nipo mpaka kachitsulo kozungulira kapamwamba kaja kaoneke, chifukwa ukangolumikiza gani pa nipo yafumbi ndiwe wekha amene ukukankhira dothilo mkati. Kenako kupopa pang'onopang'ono ndikuyang'ana m'mbali mwa jointi. Pa pini yaikulu yomwe ekiselo yakutsogolo imapendekerapo, ulendo woyamba kunayamba kutuluka madzi enieni, madontho akuda, kenako phala lakuda bii lonunkha dzimbiri, pomaliza ndi pamene anatulukira watsopano wabulauni uja. Pamenepo ndimayamba ndanyamula kutsogolo ndi jeke kuti kulemera kuchoke, girisi amazungulira pini yonse bwinobwino, ukapanda kutero amangotulukira mbali imodzi pansi pomwe pakudyeka pali pouma. Pa matayi rodi, ndodo za sitiyaringi zokhotetsa matayala akutsogolo, ndi nkhani ina, pali kalabala kaja kovindikira, pamenepo mapampu awiri kapena atatu kalabalako kakangoyamba kufufuma siyani, mukapitiriza kamaphulika nde fumbi lapeza khomo. Chimodzimodzi pa maberingi okhala ndi sili, kalabala kotchinga fumbi, gani ili ndi mphamvu zoopsa imatha kukankha siliyo nkuichotsa. Ndipo chonde musayese gani pa chala kapena kugwira paipi yobooka wina akupopa, girisi amatha kulowa pansi pa khungu ndipo limenelo ndi bala lothamangira nalo kuchipatala.

Manipo awiri anali otsekeka, ndikapopa girisi amangobwerera m'mbali. Ndinawamasula ndi sipanala nkuwaviika mu dizilo usiku, imodzi inatseguka ina ndinangosintha, ndi zotchipa, panopa ndimasunga angapo m'bokosi la zida. Gani nayo pena imagwira mpweya ukangosintha katiriji, umapopa koma osatuluka kanthu, ingomasulani mutu wake pang'ono nkukankha kandodo kakumbuyo mpweyawo utuluke basi.

Za nthawi yake ine ndimatsata mita ya maola. Manipo a pa thirakitala penipeni ndimapaka maola 50 aliwonse, koma shafti ya PTO ndi m'mawa uliwonse ngati tikugaula, komanso ndimakoka shaftiyo pakati nkupaka pomwe imalowetsana. Ndikalowa m'madzi kapena ndikatsuka ndimapaka tsiku lomwelo madzulo osadikira maola, kuti madzi asagone mkati. Mnyamata amene amandiyendetsera poyamba ankaona ngati ndikumuchedwetsa, pano amayamba yekha ndisanadzuke nkomwe, zimangotenga mphindi 15.

Nanga wagwira bwanji? Kwa ine wagwira bwino kwambiri. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala sanachuche ngati wakale uja yemwe masana ankayenderera m'matayala. Mu Januwale tinkakoka ngolo ya feteleza kudutsa pakhwawa madzi ofika m'ma ekiselo, madzulo ndikapopa amatuluka akadali girisi, wadako pang'ono koma wogwirana, osati thovu loyera lija la girisi yemwe wamwa madzi. Sitiyaringi inapepuka moti olo mayi a kunyumba anazindikira tsiku lomwe anakwera, kulira kwa malinki akumbuyo ndikakweza pulawo kunatheratu, ndipo jointi yatsopano ya PTO ija ndaigwedeza sabata yatha ilibe kusewera olo pang'ono.

Mfundo imodzi kwa amene muli ndi thirakitala ya chofosholo kutsogolo, uyu si girisi wa moly. Wa moly ndi wakuda uja wokhala ndi molybdenum, amakondedwa pa mapini onyamula katundu wolemera omwe amayenda pang'onopang'ono, ndipo mapini a chofosholo ambiri amafuna girisi maola 10 aliwonse. Ine chofosholo ndilibe nde EP 2 yekhayu akundikwanira paliponse, koma inu onani kaye buku la makina anu.

Pa ndalama, makatiriji amakwererapo ukayerekeza ndi kugula chidebe chachikulu cha 18kg, ndipo ine sizoni yonse anandithera angapo ndithu. Koma ubwino wa katiriji ndi woti girisi sakhudzana ndi fumbi kapena manja kuyambira kufakitale mpaka mu nipo. Mnzanga wa chigayo akundinyengerera kuti tisonkherane tigule chidebe tizigawana, ndamuuza kuti ndilola pokhapokha chizikhala kwanga m'sitolo chovundikira, ndipo tizitapa ndi chipande chimodzi choyera osati kamtengo kotola pansi. Akavomera zimenezo tigula mwezi wa Seputembala tisanayambe kugaula.