Boerboel kapena Africanis: galu uti woweta kuno ku Johannesburg?

Boerboel ndi galu wa konkuno ku South Africa, ankawetedwa kuti azilondera mafamu. Wamwamuna amapitirira makilogalamu 60, ndipo akangoima pageti, wakuba amabwerera yekha. Koma chakudya chake chimaboola mthumba, amafuna bwalo lalikulu, komanso muyambe kumuphunzitsa akadali kamwana, apo ayi adzakuvutani. Ngati mukuchita lendi kachipinda ku Hillbrow kapena Rosettenville, iwalani zimenezo.

Africanis ndi galu uja timamudziwa kwathu, woperekeza anyamata kukasaka akalulu. Ndi wapakatikati, sadwaladwala, sadya zambiri. Pomuona saopsa, inde, koma mlendo amamuuwa ndithu. Ine ndingatenge ameneyu, bola kumubayitsa katemera wa chiwewe, poti lamulo la kuno limatero.