Probox yanga itatha miyezi 14 pamsewu wa Ulongwe ndi Tete

Papita miyezi 14 chigulireni Toyota Probox yakale yochokera ku Japan, imene ndimanyamulira kachewere kuchokera ku Ulongwe kupita naye ku Moatize ndi mumzinda wa Tete. Injini yake, 1NZ-FE, sinandikhumudwitsepo. Imadzuka msanga m'mawa wozizira wa ku Angónia, ndipo siwira ngakhale ndikafika m'chigwa cha Zambezi kumene dzuwa limawotcha zedi mu Okutobala. Taimingi yake (yoyendetsa mavavu) imayendera tcheni osati lamba, kotero nkhawa yoti lamba wa taimingi aduka panjira ndilibe.

Zimene zandivutitsa pa miyezi yonseyi ndi manambala. Anthu amaitchula kuti 1500, ndipo mphwanga ankaganiza kuti nambalayi ikunena za oyilo. Si choncho ayi. Injiniyi ndi ya 1,496 cc, ndipo popeza 1,000 cc ndi lita imodzi, ndiye kuti ndi pafupifupi lita imodzi ndi theka, kukula kwa malo amene mapistoni anayi amayendamo, 374 cc pa silinda iliyonse. Oyilo amalowa malita 3.7 mukasintha ndi fyuluta yomwe.

Apa ndi pamene ndinapsa mtima tsiku lina. Mnyamata wa pagalaja ina anakhuthuliramo chigubu chonse cha malita 5, poganiza kuti oyilo akachuluka injini imakondwa. Nditasolola kachitsulo koyezera ndi kukapukuta pa kansanza, ndinaona kuti oyilo wadutsa kadontho kapamwamba ndi chala chathunthu. Oyilo wochuluka chotere amamenyedwa ndi zitsulo zozungulira za pansi mpaka kuchita thovu, ndipo thovu silitchinjiriza zitsulo kuti zisakhulane. Tinamasula bawuti ya pansi, n'kutapa malita 1.3 poyezera m'botolo la madzi lodulidwa pakamwa, galimoto isanasunthe.

Matayala nawonso ali ndi chisokonezo chawo. Miyezo ya mpweya wa m'matayala ndi yosiyanasiyana: pepala lomatidwa pakhomo la dalaivala linalembedwa mu kPa, pampu yanga imawerenga bar, pamene geji ya wopopa matayala m'mbali mwa msewu nthawi zambiri imakhala ya psi. Bar imodzi ndi 100 kPa, kapena 14.5 psi, ndiye 240 kPa ndi 2.4 bar, imene ili pafupifupi 35 psi. Ndinalemba zimenezi pa kapepala kamene ndimasunga m'galimoto, chifukwa matumba asanu ndi atatu a makilogalamu 50 akwana kale makilogalamu 400, malire a katundu wa galimotoyi, ndipo tayala lopanda mpweya wokwanira limatentha msanga pa phula la ku Moatize.

Za petulo, lita imodzi imandiyendetsa makilomita pafupifupi 14 ndikasenza katundu, kutanthauza malita 7.1 pa makilomita 100. Pobwerera imamwa mochulukirapo pang'ono chifukwa cha zitunda, ngakhale kumbuyo kulibe kanthu. Oyilo ndimasintha pa makilomita 5,000 aliwonse chifukwa cha fumbi la m'misewu ya kumunda, ndipo masiku ano ndimaimirira pomwepo, chigubu chili m'manja mwanga.