Gitala imene mukuti ndikutumizireni: ya humbucker kapena ya single-coil?

Abale anga oimba amene muli kumudzi, mauthenga anu ndikumawalandira. Funso limene likubwera kawirikawiri ndi lakuti, mpata wotumiza gitala ukapezeka, itumizidwe ya mtundu wanji. Ena mwanditumizira zithunzi za Stratocaster, ena za Les Paul, ndipo achimwene ena anachita kunenetsa kuti iwo akufuna ija ya mapickup awiri onenepa (pickup ndi kachipangizo ka pansi pa nsambo kotola kunjenjemera kwake, ndipo onenepawa ndi amene amatchedwa humbucker) poti akuti ndiyo yamphamvu. Kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp sindikukwanitsa, ndiye ndati ndilembe kamodzi zimene ndaona ndi kumva chibwerereni kuno ku Canada.

Nkhaniyi ine inandipeza m'tchalitchi. Mpingo umene ndimapemphera umachita lendi holo ina yakale, ndipo nditangolowa m'bandi ndinagula gitala yogwiritsidwa kale ntchito, yooneka ngati Stratocaster, ya mapickup atatu opyapyala otchedwa single-coil. M'chipinda mwanga inkalira bwino kwambiri. Koma Lamlungu loyamba, nyimbo itatha ndipo anthu ataweramitsa mitu kuti apemphere, m'sipika munayamba kumveka kulira ngati kwa njuchi zimene zatsekeredwa m'chitini. Holo yonse inali zii, kupatula gitala yangayo. Mnyamata wa pa mikisa anangotsitsa chanelo changa. Sabata yotsatira ndinasintha kebulo, osathandiza. Ndinabwereka ampulifaya ina, chimodzimodzi. Mtima unandipweteka, chifukwa ndalamazo ndinazisunga miyezi ingapo, ndipo ndinaganiza kuti ndagula chinthu chakufa.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti phokosolo silinali lofanana ndi limene ndinalizolowera kwathu. Linali lokwererapo pang'ono. Ndinadzamva pambuyo pake kuti khutu silinandinamize. Magetsi a kwathu amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo kulira kwake kumagwera pafupi ndi G wapansi. A kuno ku North America amasinthasintha ka 60, ndiye kulira kwake kumagwera pakati pa B flat ndi B. Kuno amangolitchula kuti hum.

Amene anandimasulira ndi bambo ena achikulire a mumpingo momwemo, amene amakonza magitala m'chipinda chapansi kunyumba kwawo. Sanayambe ndi kumasula sikuluu iliyonse. Anandikoleka gitala, anakweza voliyumu, n'kundiuza kuti ndizungulire pang'onopang'ono pamalo pomwepo. Ndikayang'ana kumene kuli ampulifaya, phokoso linkakula. Ndikatembenuka pang'ono linkachepa, mpaka ndinapeza mbali imene linangotsala pang'ono kuzimiririka. Anati gitala yako ilibe vuto, ikungochita zimene single-coil iliyonse imachita.

Pickup si maikolofoni, siimva mawu a mumpweya. Mkati mwake muli maginito ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi, wokulungidwa kambirimbiri. Pa pickup ya Stratocaster wayayo amazungulira pafupifupi ka 8,000 kuzinga timaginito 6, kamodzi pansi pa nsambo iliyonse. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, m'koyilomo mumabadwa magetsi ochepa kwambiri, ndipo ndi amenewo amene ampulifaya imawakuza. Tsono koyilo sisankha. Imatolanso mphamvu ya maginito imene ikuchokera ku thiransifoma ya ampulifaya, ku mawaya a m'khoma, ku mota ya fani, ku magetsi aja ochepetseka kuwala. M'holo yathu muli magetsi oterowo ambiri padenga, n'chifukwa chake kunyumba kunali bata koma kutchalitchi njuchi.

Vutoli n'lakale ngati gitala yamagetsi yeniyeniyo. Mapickup oyamba ambiri anali a koyilo imodzi: ija ya George Beauchamp pa gitala za Rickenbacker kumayambiriro a zaka za m'ma 1930, P-90 ya kampani ya Gibson ya mu 1946, ndi za Leo Fender pa Telecaster komanso pa Stratocaster imene inatuluka mu 1954. Amene anabweretsa yankho ku Gibson ndi Seth Lover, amene anakalembetsa luso lake mu 1955, ndipo pofika 1957 pickup yakeyo inali pa Les Paul. Nthawi yomweyo Ray Butts anali kupangira Gretsch yake, yotchedwa Filter'Tron. Nzeru ya mapickup amenewa ndi yosavuta koma yokoma kuiganizira. Amaika makoyilo awiri moyandikana, n'kuwalumikiza motsutsana. Hum ikalowa m'makoyilo onse awiri mofanana, ya uku imafafaniza ya uko. Koma maginito a pansi pa makoyilo awiriwo nawonso ndi otembenuzana, wina kumpoto wina kummwera, ndiye mawu a nsambo atembenuzidwa kawiri: m'malo mofafanizana amaphatikizana. Dzina lakuti humbucker likuchokera pomwepo, chinthu cholimbana ndi hum.

Nditamva zimenezi ndinangoti basi, chotsani onse atatu muike ma humbucker. Bambo aja anakana kuthamanga. Anati tisinthe imodzi yokha, ya kufupi ndi bridge (pamene nsambo zimakhazikika pathupi la gitala), kenako ndikaimbe nayo mwezi wathunthu. Ndimawathokoza mpaka lero, chifukwa kumeneku ndiye kuyerekeza koona. Anthu ambiri amatenga Stratocaster ndi Les Paul n'kumati akuyerekeza mapickup, pamene magitala awiriwo amasiyana pa zambiri. Nsambo za Fender zimatalika mainchesi 25.5 kuchokera ku nati (kachidutswa kamene nsambo zimadutsapo kumutu kwa khosi) kufika ku bridge, za Gibson 24.75, ndipo kumangika kwake m'zala n'kosiyana. Ine ndinali ndi gitala imodzi, nsambo zomwezo, ampulifaya yomweyo, zala zomwezo. Chosintha chinali swichi basi.

Hum inatheratu ndikakhala pa humbucker, zimenezo n'zosachita kufunsa. Mawu anakula, ananenepa, ndipo ndikaponda distortion (chida chosweketsa mawu a gitala) ankatalika bwino popanda mluzu kapena njuchi kumbuyo. Apa mpamene single-coil imavutikira kwambiri, chifukwa distortion imakuza chilichonse, ndi hum yomwe. Pa nyimbo zofuna makodi olemera kapena solo yokoka, humbucker inandipatsa mtendere umene ndinali ndisanaumvepo pa gitala imeneyo.

Koma pali chimene ndinataya, ndipo ndinachizindikira Lamlungu lachiwiri. Tinali ndi nyimbo yothamanga, ya mtundu uja umene lidi imayenda pa nsambo ziwiri zapamwamba, kudumphadumpha pakati pa mawu a oimba, yopanda distortion ngakhale pang'ono. Pa humbucker manotsi anga ankamveka ngati akutuluka kuseri kwa chinsalu. Analipo, koma kutsogolo kwake kunali kobuntha, ndipo ankamira m'kiyibodi. Nditakankhira swichi ku single-coil ya pakati, mwadzidzidzi notsi iliyonse inaima payokha, ngwee, ngati wagogoda galasi ndi supuni. Woimba ng'oma anatembenuka n'kundiyang'ana akumwetulira.

Chifukwa chake chilipo, si maganizo chabe. Makoyilo awiri olumikizana motsatana amakhala ndi waya wochuluka, ndipo waya akachuluka mphamvu imakwera koma mawu apamwamba amayamba kudulidwa msanga. Komanso humbucker imamvera nsambo pa malo awiri otalikirana pang'ono, ndiye tizidutswa tina ta mawu apamwamba kwambiri timafafanizana. Single-coil imamvera pa kamalo kamodzi kopapatiza, n'chifukwa chake imatulutsa kukhudza konse kwa chala kapena piki, chabwino ndi choipa chomwe. Ukagwira kodi mosasamala siikubisira. M'bandi imene muli makiyibodi awiri, besi ndi oimba asanu, malo a pakati amakhala atadzaza kale, ndipo gitala yonenepa imangowonjezera chipwirikiti. Yowonda ija ndi imene imapeza kanjira.

Ndiye kwa achimwene amene munati humbucker ndiyo yamphamvu, zoona, imatulutsa magetsi ambiri. Koma mphamvu imeneyo ntchito yake ndi kukankha ampulifaya kuti iyambe kusweka mawu msanga. Ngati mukufuna kumveka mokweza chabe, batani la voliyumu pa ampulifaya likukwanirani. Ndaona anyamata akugula ma humbucker okulungidwa kwambiri, a maginito a ceramic opangira nyimbo za metal, kenako n'kumadandaula kuti mawu oyera sakutuluka. Ma humbucker a mtundu wakale, a maginito a alnico, ukawayeza pa mita amasonyeza cha m'ma 8k (ma ohm 8,000), pamene single-coil ya Stratocaster imakhala cha m'ma 6k. Ukaona 14k kapena 16k, dziwa kuti inapangidwira distortion yolemera. Nambalayi siinena zonse, koma imakuchenjeza.

Chinthu china chimene ndinakhala nacho miyezi osachidziwa chinali pa swichi yanga yomwe. Stratocaster inayamba ndi swichi ya malo atatu, oimba n'kumaiimika pakatikati kuti mapickup awiri alire limodzi, mpaka Fender inadzaika ya malo asanu mu 1977. Pa magitala ambiri a masiku ano, pickup ya pakati imakulungidwa mobwerera ndipo maginito ake ndi otembenuza. Ukaika swichi pa 2 kapena pa 4, mapickup awiriwo amagwira ntchito yofafaniza hum ngati humbucker, koma mawu amakhalabe owala. Lero nyimbo zambiri zofatsa ndimaziimbira pa 4, ya kukhosi ndi ya pakati, ndipo nthawi ya pemphero ndimangotseka voliyumu ndi kachala kakang'ono. Mukamayesa gitala, kwezani voliyumu osakhudza nsambo, muyendetse swichi malo onse asanu. Ngati phokoso likutsika pa 2 ndi pa 4, mwapeza yabwino.

Musanyengedwe ndi maonekedwe. P-90 ndi yotambalala ndithu, koma ndi single-coil, ndipo imalira hum ngati zinzake, ngakhale mawu ake ndi okhuthala mosangalatsa. Palinso ma humbucker opyapyala olowa m'bowo la single-coil. Ndipo magitala ena ali ndi batani lokoka limene limazimitsa koyilo imodzi ya humbucker. Limathandiza, ine ndili nalo, koma kunena zoona mawu ake ndi ofooka poyerekeza ndi single-coil yeniyeni, ndipo hum imabwerera. Amene mukufuna kusintha pickup nokha, kumbukiraninso mapoti a voliyumu (tizipangizo ta kuseri kwa batani la voliyumu): single-coil kawirikawiri imayenda ndi 250k, humbucker ndi 500k. Humbucker pa 250k imamveka yakuda kwambiri. Kutalika kwa pickup nakonso kuli ndi mawu ake. Timaginito ta single-coil tikayandikira kwambiri nsambo timazikoka, notsi n'kumamveka ngati yosachunidwa. Kutembenuza sikuluu kawiri kokha kunakonza zimenezi pa gitala yanga.

Pali phokoso lina limene humbucker siingachotse, ndipo apa ndikupempha mumvetsere. Ngati kulirako n'kokanda, kumachepa mukagwira nsambo n'kubwerera mukazisiya, vuto nthawi zambiri ndi kusowa kwa chotchinga mkati mwa gitala, kebulo yotha, kapena earth. Kumata pepala la kopa m'mabowo a mkati n'kulilumikiza ku earth kumathandiza pa phokoso limeneli, ngakhale hum ya maginito ija siitha nalo. Koma ngati nsambo zikukulumani m'zala, kapena milomo ikugwidwa shoko mukayandikira maikolofoni gitala ili m'manja, siyani kuimba pomwepo. Nsambo za gitala zimalumikizana ndi earth ya ampulifaya, ndiye ampulifaya ikakhala ndi vuto magetsiwo amadzera mwa inu. Musathyole phini la earth pa pulagi pofuna kuthetsa phokoso, ndipo ngati mukuimbira pa jenereta, wodziwa zamagetsi aone kaye kuti earth ilipo. Anthu anafapo pa siteji ndi zimenezi.

Tsono yankho langa ndi ili. Mtima wanga uli ku single-coil, chifukwa kaimbidwe kanga ndi ka manotsi oyera, othamanga, ndipo kuwala kuja sindinakupeze kwina kulikonse. Koma kwa bandi imene ili ndi gitala imodzi yokha yoti igwire ntchito zonse, ndidzatumiza yonga yangayi: humbucker ku bridge, ma single-coil awiri pakati ndi kukhosi. M'masitolo amailemba kuti HSS. Kuika humbucker m'thupi la Stratocaster si zachilendo, woimba gitala wotchuka Eddie Van Halen anachita zimenezi m'zaka za m'ma 1970 ndipo makampani anatsatira. Achimwene a solo zokoka ndi nyimbo zolemera, inu yanu ikhale ya ma humbucker awiri ndithu, simudzadandaula.

Ndisanagule chilichonse, ndichitireni ichi. Pitani pamalo pamene mumaimbira masiku onse, muyatse magetsi onse ndi zida zonse monga mumachitira pa tsiku loimba. Lumikizani gitala iliyonse imene ilipo, mukweze voliyumu, musaimbe kanthu. Jambulani phokosolo pa foni kwa masekondi 20, theka mutagwira nsambo, theka mutazisiya, kenako munditumizire pamodzi ndi nyimbo ziwiri zimene mumaimba kwambiri.