Kuphiri la Zomba kapena ku Liwonde: muwerenge anthu musanawerenge mafuta

Nyengo ya zikondwerero ikayandikira, makwaya, magulu a banki m'khonde ndi mabanja muno mu Zomba amakangana nkhani imodzi: tikwere kuphiri la Zomba kapena titsikire ku paki ya nyama ya Liwonde? Ambiri amathamangira kuwerengera ndalama ya mafuta. Ine ndimati yambani mwawerenga anthu, a m'gulu lanu ndi amene mukawapeze komweko.

Phiri lathuli si paki ya nyama. Ndi nkhalango yotetezedwa yomwe ili m'manja mwa nthambi ya zankhalango, ndipo ubwino wake ndi woti aliyense akhoza kufikako, ngakhale wapansi. Vuto limayambira pomwepo. Pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano pafupifupi aliyense amakaima malo omwewo: pa damu la Mulunguzi, pa mathithi a Williams ndi cha ku hotela ya Ku Chawe, chifukwa ndi pomwe galimoto yaing'ono imafika mosavuta. Masipika amalimbana, ana sapeza pojambulitsira, ndipo mabotolo amatsala m'mphepete mwa damu. Zimenezi zimandipweteka mtima, pakuti madzi a m'damu limeneli ndi omwe timamwa m'tauni muno.

Komabe phiri ndi lalikulu, nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Chikhamu chimathera pomwe phula wathera. Amene ali ndi miyendo, kapena galimoto yokwera, akapitirira mpaka ku Emperor's View, malo otchedwa dzinali pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia, kapena ku dzenje la Chingwe, amapeza bata tsiku lomwelo lomwe kumunsi kuli phokoso. Tengani mmodzi wa anyamata operekeza alendo, chifukwa chifunga chikagwa njira za m'mapaini zimafanana zonse.

Ku Liwonde, ulendo wa makilomita pafupifupi 50 pa msewu wa M3, zinthu n'zosiyana. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Ili ndi mpanda, chipata cholipira ndi malamulo: simutsika m'galimoto paliponse pomwe mwafuna, simuyatsa nyimbo, simuthamangitsa galimoto. Ena amadandaula kuti malamulowa amawalanda ufulu. Ine ndimaona kuti ndi omwe amasunga chimene mwalipirira. Njovu ikamva phokoso imachoka kapena kukwiya, ndipo mikango, yomwe inabwezeredwa m'pakiyi mu 2018, siidikira minibasi yodzaza oimba. Amalawi timalipira ndalama yochepa kusiyana ndi alendo akunja, choncho musaiwale chiphaso chaunzika.

Chimene chimachepetsa anthu kwenikweni ku Liwonde ndi boti loonera nyama pa mtsinje wa Shire. Mipando yake ndi yowerengeka, ndiye gulu la anthu ambiri likangofika osauziratu, ena amatsala pagombe kudikira padzuwa la ku Shire, lomwe silifanana ndi kamphepo ka kuno. Anthu otere amabwerako ali ndi madandaulo, chonsecho cholakwika ndi kakonzedwe ka ulendo. Ndipo m'dzinja boti ndilo lodalirika: misewu ya m'paki imachita matope, udzu umatalika, nyama zimabalalika chifukwa madzi ali paliponse. Mvuu, ng'ona ndi mbalame mudzaziona ndithu mumtsinje, koma wofuna kuona njovu zitaunjikana m'mphepete mwa Shire adikire chilimwe, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Okotobala.

Ndiye gulu lalikulu lofuna kuimba, kuphika ndi kuvina lipite kuphiri, linyamule matumba otolera zinyalala, ndipo likwere m'mawa msewu wokhotakhota uja usanadzaze. Kulitengera gulu lotere ku Liwonde n'kutaya ndalama komanso kusokoneza anzanu. Banja la anthu ochepa lofuna kuti ana aone nyama ndi maso, osati pa foni, lisankhe Liwonde, liimbiretu foni kusungitsa malo pa boti, ndipo lifike pachipata dzuwa lisanatenthe. Kwa aphunzitsi okonza ulendo wa sukulu, agaweni anawo m'magulu ang'onoang'ono ndipo musankhe tsiku lapakati pa sabata, osati Loweruka.