Kolamu yoyezera thiocyanate: mmene ilili patatha miyezi 9 pa ntchito

Kolamu ya anion exchange (kachubu kolekanitsa maayoni mu makina a chromatography), ya mamilimita 4 m'mimba ndi 250 m'litali, yatha miyezi 9 ikuyeza thiocyanate m'mikodzo, m'malovu ndi mu plasma (gawo lamadzi la magazi). Ikadali bwino, koma imalimba pokhapokha sampulo itakonzedwa mosamala.

Chiwindi chimasandutsa cyanide kukhala thiocyanate kudzera mu enzaimu ya rhodanese, n'chifukwa chake thiocyanate amakwera mwa osuta fodya ndi odya chinangwa chowawa chosanyikidwa mokwanira. Ofufuza konzo, matenda oumitsa miyendo amene anabuka ku Nampula, m'dziko la Mozambique, mu 1981, amadalira kwambiri muyeso wa m'mikodzo. Nambala yolakwika apa ingachititse mudzi wonse kuoneka ngati uli pabwino.

Thiocyanate amakakamira pa resin, timikanda todzaza m'kolamu, ndipo amatuluka chloride, sulfate ndi phosphate zitapita kale. Kuchedwako n'kwabwino, chifukwa mikodzo imakhala ndi chloride wambiri. Chipangizo choyeza ndi kuwala kwa UV pa 210 nm chimamuona bwino, chloride osasokoneza kwenikweni.

Mikodzo siivuta: gawo 1 m'magawo 10 a madzi a deionized, kenako sefa ya 0.45 µm. Malovu ali ndi thiocyanate wochuluka, wofika mamilimola, choncho amafuna centrifuge kuti mamina akhale pansi, ndi kusungunula ka 50. Plasma ndiye yofuna maso. Thiocyanate amamatirira pa albumin, puloteni ya mu plasma, ndiye mukangodutsitsa pa sefa ya 10 kDa, wina amatsalira pamwamba ndi mapuloteni, zotsatira n'kutsika popanda chizindikiro chilichonse. Kugwetsa mapuloteni ndi acetonitrile kumathandiza, koma gulu lililonse la masampulo likhale ndi imodzi yothiridwa thiocyanate wodziwika muyeso, kuti muone wobwerera ndi wochuluka bwanji.

Vuto lobwerezabwereza m'miyezi yonseyi ndi peak, kansonga koonetsa thiocyanate pa grafu, kuyamba kutuluka msanga. Zoyambitsa n'ziwiri. Sodium hydroxide wa mu eluent, madzi okankha sampulo m'kolamu, amakoka carbon dioxide mumpweya n'kupanga carbonate, yemwe amakankha maayoni mwamphamvu kuposa hydroxide. Pangani eluent kuchokera ku sodium hydroxide wamadzi wa 50 peresenti osati timibulu, ndipo botolo likhale pansi pa nitrogen. Eluent watsopano akalephera kubweza nthawi yake, ndiye kuti zinyalala za m'mikodzo zatseka malo pa resin. Sinthani guard column, kakolamu kotchinjiriza kolamu yaikulu, msanga, makamaka pulesha ikayamba kukwera, zinyalalazo zisanafike pa kolamu yaikulu, yomwe ndi yodula kwambiri.